Mlongoti Pakaphiri ka Apongozi

"Bambo a Ivy, ndikufunsani kachitatu tsopano: dzina langa lapita kuti?"

Dyna anaima pakhomo mapepala ali m'manja, chitenje atachimanga cholimba m'chiuno. Mwamuna wake Greyson anali pakhonde akupopa njinga. Tayala linali litakhuta kalekale koma iye ankangopopabe, maso ali pansi. Ine nyumba yanga ili kuseri kwa mpanda wawo, ndipo Dyna ndi mwana wa mayi anga aang'ono, choncho musandifunse kuti ndinamva bwanji. Mpanda wa udzu susunga chinsinsi.

"Tsitsa mawu, iwe. Anthu akumva."

"Amve! Nanga wayilesi ntchito yake n'chiyani? Ndinakutumani ku Lilongwe kuti mukapereke mapepala anga opempha chiphaso chotsegulira wayilesi. Munabwerako mukumwetulira, muli zonse zayenda bwino. Lero ndimati ndichape jekete lanu, ndapeza izi m'thumba. Pamene panali Dyna Mbewe pali Greyson Mbewe. M'munsi mwake muli a Kachigunda. A Kachigunda alowera khomo liti m'wayilesi yanga?"

"Yathu."

"Yathu kuyambira liti? Zaka zitatu ndakhala ndikuyenda sitolo ndi sitolo pa boma kupempha makalata a anthu ofuna kudzalengezetsa malonda awo. Ndinasiya choko kusukulu, ndinakagona pansi kwa achibale ku Lilongwe kuti ndiphunzire ntchitoyi. Inu munkati chiyani? Munkati mkazi wanga wayamba misala, akufuna kulankhula ndi mphepo."

Greyson anasiya pampu n'kupukuta manja pathalauza.

"Khala pansi ndikuuze. A Kachigunda anandipeza pa depoti ndikudikira minibasi, anandinyamula pagalimoto yawo. M'njira anawerenga mapepala ako ndipo anawayamikira. Koma anandiuza chilungamo. Chiphaso cha wayilesi ya malonda sapatsa mzimayi wa kumudzi wopanda munthu kumwamba. Mapepala akowo akanakathera pansi pa mulu, mbewa n'kumapangira chisa. Ndiye tinalowa kwa otayipa, tinangosintha masamba awiri basi. Mutu umodzi susenza denga."

A Kachigunda amenewa anali mwini esiteti ya fodya kufupi ndi malire a Zambia, mkulu wa chipani, ndipo ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti chaka chotsatira akufuna kudzaima pa chisankho cha aphungu. Munthu wotero akakukweza galimoto yake usamati wakukonda.

"Masamba awiri," anatero Dyna, akutembenuza mapepala. "Lina ndi liti?" Analipeza, analiwerenga, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mwini malo oimikapo mlongoti: Greyson Mbewe. Hee! Kaphiri ka amayi anga? Inu amene munabwera m'mudzi muno ndi njinga ndi sutikesi yomanga ndi luzi? Bambo a Ivy, mkamwini asamakule mwendo."

"Ndi zapapepala chabe zimenezo. Iwo akuti makina agula okha, jenereta yomwe. Ine ndikhala manejala. Iwenso sitinakuiwale, ukhala ndi pulogalamu yako ya azimayi Loweruka masana, zophikaphika ndi kulera ana."

Abale inu, amuna ena! Munthu wakuba mbuzi yako, n'kukulonjeza mchira.

"Mukudziwa chimene ndikufunira wayilesi," anatero Dyna, ndipo mawu ake anatsika okha. "Bambo anga atamwalira, uthenga wa maliro tinautumiza ku wayilesi ya ku Blantyre. Unamveka titaika kale. Achimwene anachoka ku esiteti ku Kasungu kudzangoona mtumbira. Alimi kuno amagulitsa mtedza kwa mavenda osadziwa kuti ku Lilongwe ukugulidwa bwanji, chifukwa tikatsegula wayilesi timamva za ku Chipata kapena za ku Blantyre. Ndikufuna munthu wa kuno ku Dambe amve za ku Dambe. A Kachigunda anuwo akufuna kuti azidzimva okha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndipo akalowa sadzatulukanso. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Chabwino, pita ukanene ku Lilongwe," anatero Greyson akukweza mwendo panjinga. "Akangomva kuti m'mapepala muli bodza, ataya zonse, zako ndi zanga zomwe. Ndiye udikire kuti adzaitanitsenso liti, kaya zaka zisanu, kaya khumi. Sankha wekha."

Anapalasa n'kumapita, ndipo Dyna anatsala ali chiimire mpaka madzi ochapira anazizira m'beseni.

Patapita masiku atatu ndinamuperekeza ku boma kwa mnzake Asiatu, mayi wa sitolo ya nsalu pafupi ndi msika. Asiatu ndiye anamuthandiza kunyengerera eni masitolo kuti alembe makalata aja. Atamva nkhaniyo anaponya sizasi patebulo.

"Ife tinasayina chifukwa cha iwe, Dyna, osati chifukwa cha mimba ya Kachigunda. Munthu amene uja anabwera muno chaka chatha ndi anyamata ake kudzatiuza kuti titseke masitolo tikawombe m'manja pamsonkhano. Ndiye ndizikalengezetsa zitenje zanga pawayilesi yake? Kawanene!"

"Ndikanena, chiphaso chafa."

"Usanene ndiye."

"Ndikapanda kunena, chiphaso chili moyo koma n'cha eni."

"Nanga amuna akowo ali ndi mutu? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chisankho chikangotha adzamutaya ngati chitsononkho."

"Ndamuuza. Koma akugona ndi tayi pamutu pa bedi, Asiatu. Akuphunzira kumanga."

Tinaseka tonse atatu, koma Dyna anamaliza kusekako akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Zinandiwawa kumuona choncho, mkazi amene sanalirepo pagulu chiikireni bambo ake.

Sabata yotsatira kunabwera kalata yochokera ku bungwe lopereka ziphaso, yolembedwa dzina la Greyson. Inati Lachinayi kubwera akuluakulu kudzaona malo oimikapo mlongoti bungwelo lisanakhale pansi kugamula. Greyson anaiwerenga kawiri, thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunali kamphepo ka mwezi wa Meyi.

Vuto lake linali limodzi, ndipo analidziwa bwino. Kaphiri kaja, mbali yake ya kum'mawa ndi munda wa mtedza wa a Nangondo, mayi ake a Dyna, ndipo inali nyengo yokumba. Kwathu kuno mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, mkamwini amapatuka, n'kunjuta patali atafulatira, mpaka apongozi adutse. Sadyera pamodzi, salankhulana maso ndi maso. Ena masiku ano anazisiya, koma a Nangondo sanazisiye, ndipo Greyson anali atapatuka chotero zaka khumi ndi zisanu.

"Mayi a Ivy," anatero Lachitatu m'mawa, mawu ali ofewa ngati wobwereka mchere, "ukawauze amayi kuti mawa asapite kukaphiri. Apumuleko. Kubwera alendo aboma."

Dyna anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndikawauze choncho?"

"Choncho basi."

Anapitadi, ine ndili pambuyo. Tinawapeza a Nangondo atakhala pamkeka akusoka thumba, kabotolo ka fodya wa pamphuno kali pambali. Dyna sanawonjezere kanthu, sanachotse kanthu.

"Amayi, akamwini anu akuti mawa musapite kukaphiri. Akuti mupumule, kubwera alendo."

A Nangondo anaimika singano. "Wati ndani?"

"Bambo a Ivy."

"Akuti ine ndisapite kuti?"

"Kukaphiri."

"Kaphiri kake kati? Kamene anandisiyira amayi anga, kamene iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo? Ha! Ndakalamba ine, ndaona zinthu. Ndaona ndege, ndaona matipate, koma nkhuku yachilendo kuuza mwini khola nthawi yogona sindinaionepo." Anafwenkha fodya n'kuyetsemula. "Mawa ndimati ndipite kuchigayo. Basi chigayo chidikire. Iwe," anandiloza ine, "ukauze anzako onse a m'mbumba muno, mawa tikukumba mtedza."

Mwaonatu. Akanangokhala chete Greyson, gogoyo akanakhala ali pamzere kuchigayo tsiku lonse.

Lachinayi dzuwa litakwera pang'ono tinamva magalimoto awiri akuima m'munsi mwa kaphiri. Ife tinali asanu ndi awiri m'munda, Dyna ali nafe, khasu lili m'manja. Kanjira kokwera kaphiriko ndi kopapatiza, ndipo pakatikati kamakhota kuzungulira mwala waukulu. Kuseri kwa mwalawo, pakati penipeni pa njira, a Nangondo anali atatambalala miyendo, lichero pamiyendo, akuthothola mtedza.

Mawu a Greyson anayamba kumveka iye asanaoneke.

"Malo onsewa ndi anga, bwana, kuyambira pamtengo wa muwanga uwo mpaka kuseri. Ndinawasunga dala chifukwa cha ntchito imeneyi."

Anatulukira pamwala paja ali patsogolo, tayi yofiira pakhosi, dzanja lili m'mwamba kuloza. Kumbuyo kwake kunali bambo wa imvi zapatalipatali atanyamula fayilo, amene tinamva pambuyo pake kuti ndi a Malunga a ku bungwe lija, ndi anzawo awiri onyamula zoyezera. Kumapeto kunali a Kachigunda, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Greyson anangoti maso gwa! pa apongozi ake, mapazi atatu okha pakati pawo. Zimene zinachitika sanaziganize. Miyendo inaganiza yokha. Anadumpha kuchoka panjira, anagwera m'thengo la chisoso, anathamanga chowerama mpaka patsinde la mtengo, n'kunjuta atafulatira, manja akuwomba pang'onopang'ono mwaulemu.

Tonse tinaimika makasu. A Malunga anayang'ana kuthengo, anayang'ana gogo uja, anayang'ananso kuthengo.

"A Mbewe, mwaona njoka?"

"Njoka yake ndine," anatero a Nangondo osadzutsa mutu.

Mmodzi wa ife anaphulika kuseka, ndipo tonse tinatsatira, ngakhale anyamata a zoyezera aja. A Malunga okha sanaseke. Anavula chipewa, ananjuta pamaso pa a Nangondo n'kuwapatsa moni wonse, wa kunyumba ndi wa ana womwe. Atamaliza anafunsa.

"Mayi, malo ano ndi a yani?"

"Funsani mtedzawu. Ukundidziwa."

"Nanga bambo ali kuthengowo?"

"Akamwini anga. Munthu wabwino ndithu, denga amafolera bwino. Koma dothi lake lili ku Dowa."

A Malunga anaimirira n'kutsegula fayilo. "Inenso ndine mkamwini, ku Mitundu. Kadumphidwe kameneko ndimakadziwa, ndakhala ndikudumpha zaka makumi awiri. Koma munthu kuthawa m'munda mwake ndiye sindinamuonepo."

Apa a Kachigunda anali atapezako mpweya. Anayandikira n'kugwira a Malunga pachigongono.

"Bwana, izi ndi za kumudzi, musazitengere. Tiyeni kugalimoto tikakambirane ngati akuluakulu. Akuluakulu anu ku Lilongwe ndimadya nawo."

"Tikambirane pompano, kamphepo ka pano n'kabwino," anatero a Malunga akuchotsa chigongono chawo. Anakweza mawu kuloza kuthengo. "A Mbewe! Mlongoti wanu utalika bwanji?"

Greyson anangonjutabe kuthengo atafulatira. Ngakhale akanadziwa, akanayankha bwanji apongozi ali pomwepo?

"A Kachigunda, inu ndinu mnzawo pamapepalawa. Mawu a wayilesiyi akafika mpaka kuti?"

"Dziko lonse! Mpaka ku Nsanje!"

"Mamita fote-faifi," anatero Dyna. Anali atatsamira khasu, dothi lili m'mapazi mpaka m'akakolo. "Mlongoti ndi mamita fote-faifi, uima pamwamba apo pamene ndinakhoma chikhomo. Mawu safika ku Nsanje. Afika ku Mkanda, ku Kapiri, ku Kamwendo, mwina mpaka ku Namitete kukakhala bwino. Mphamvu yambiri tiilozetsa kum'mawa kuti tisasokoneze mawayilesi a anzathu a ku Zambia, chifukwa malire ali pafupi. Magetsi tikoka pamzere wopita ku Ludzi. Zili patsamba la naini."

A Malunga anatembenuza masamba mpaka la naini. Anawerenga. Kenako anabwerera kumayambiriro, n'kumayang'ana tsamba ndi tsamba mosafulumira.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Dyna Mbewe."

"Ndimadabwa m'ofesi. Makalata onse a eni masitolo akuti tikuthandiza Mayi Mbewe. Satifiketi ya maphunziro ndi ya Mayi Mbewe. Koma wopempha ndi bambo. Ndimati mwina otayipa analakwitsa." Anatseka fayilo. "Mwadziwa liti?"

"Masabata awiri apitawo."

"Osanena bwanji?"

"Ndinaopa kuti mukataya zonse."

"Munaopa zoona," anatero a Malunga. "Ine ndikalemba zimene ndaona, sindingabise. Mapepala a bodza bungwe limataya. Koma likhala pansi pakatha masabata atatu. Ngati amene anasintha masambawa angakalumbire pamaso pa majisitireti kuti anasintha yekha, inu osadziwa, ndipo ngati eni malo enieni angavomereze polemba, ndikaika zonsezo pamwamba pa fayilo. Sindikulonjeza kanthu. Ine sindigamula, ndimangonyamula."

A Kachigunda anatsika kaphiri osatsanzika munthu. Galimoto yawo inanyamuka ndi fumbi, ndipo manejala wawo anamusiya ali chinjutire patsinde la mtengo.

Mawa lake uthenga wa a Kachigunda unafika kudzera kwa kapitawo wa ku esiteti. Unati Greyson akangoyerekeza kukalumbira, adziwe kuti kusintha mapepala ndi mlandu, ndipo akalowa yekha m'ndende chifukwa a Kachigunda sanagwire cholembera. Unatinso akhale chete, fayilo ife, chisankho chikatha adzapempha china ndipo umanejala udakalipo.

Masiku anayi Greyson sanatuluke pampanda. Amuna anzake pabwalo la bawo anali atamupatsa kale dzina, ankamutcha Achisoso. Tsiku lachisanu masana ndinamuona atakhala pakhonde, thalauza limene anagwa nalo m'thengo lili pamaondo, akuzula chisoso chimodzichimodzi. Dyna anali chapatali akusenda chinangwa. Sanalankhulane chichokereni kukaphiri.

"Mayi a Ivy."

Dyna anapitiriza kusenda.

"Ndalakwa. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda."

"Ndikudziwa." Anazula china, nachiyang'ana. "Zaka khumi ndi zisanu ndili m'mudzi muno. Nyumba iyi ndinaumba njerwa ndine, koma anthu amati kwa Dyna. Mango awo ndinadzala ndine, amati mango a kwa a Nangondo. Mawa mutandithamangitsa ndinyamula njinga ndi sutikesi yomwe ija. Tsiku lija m'galimoto, a Kachigunda atati dzina lako likhala pamwamba, ndinamva kukoma, mayi a Ivy. Ndinafuna chinthu chimodzi chokha cholembedwa dzina langa."

"Ndiye munatenga changa."

"Ndinatenga chanu."

Dyna anaika mpeni m'beseni. "Mukanandiuza zimenezi poyamba, ndikanakumverani chisoni. Mwina ndikanati tiyeni tilembe tonse awiri. Koma inu munakhulupirira munthu wapanjira kuti mkazi wanu sangathe, osandifunsa n'komwe. Chimene chikundiwawa n'chimenecho, osati pepala. Ivy ali ku sekondale uko akulimbikira. Tidzamuuza chiyani? Kuti limbikira mwanawe, ukamaliza mwamuna adzasayinira?"

Greyson anatembenuza thalauza lija pamaondo.

"Sindikukakamizani kukalumbira," anapitiriza Dyna. "Mwina akumangani, sindikudziwa. Ndikanama ndikati sindikuopa. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Simungakhale kwa Kachigunda ndi kuno nthawi imodzi."

"Akandimanga mudzabwera kudzandiona?"

"Ndidzabwera. Ndidzalengezanso pawayilesi kuti anthu adziwe kokakuonerani."

Greyson anaseka pang'ono, koyamba m'masiku asanu. Anapinda thalauza lija n'kulowa m'nyumba.

Lolemba m'mawa anavala malaya oyera opanda tayi, anakweza mkazi wake pakaliyala, ulendo wa ku boma. Asiatu anatseka sitolo n'kuwaperekeza kukhoti. Iye ndiye anandiuza kuti Greyson analumbira osasiya kanthu, anatchula galimoto, anatchula otayipa, anatchula ndi amene anamuuza zosintha. Majisitireti anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumudzudzula mpaka makutu kuwawa, koma tsikulo anagona kwawo. A Nangondo nawo anadinda chala pakalata yopereka pamwamba pa kaphiri kwa mwana wawo, atauza wolembayo kuti awonjezere kuti mtedza wa m'munsi asaupondeponde. Mapepalawo ulendo uno Dyna anakapereka yekha ku Lilongwe.

Ndiye kunali kudikira. Anthu sanasowe zonena. Ena ankati a Kachigunda aimba kale mafoni, fayilo yatayidwa. Ena ankati mkazi wochititsa manyazi mwamuna pagulu zinthu sizimuyendera, ngati kuti Dyna ndiye anamukankhira m'chisoso. Azimayi anzathu enieni ndiwo ankanena zimenezi pachitsime, ndipo ine ndinayambana nawo awiri. Dyna ankangopitiriza zake. Ankapita kumunda, ankabwera, koma ndinkaona kuti chakudya chikumukanika.

Sabata yachinayi, Lachisanu masana, tinali pabwalo la a Nangondo tikuyanika mtedza. Tinaona njinga ikubwera mwaliwiro kuchokera kumsewu wa ku boma, wokwerayo ataimirira pamapedulo. Anali Greyson. Masiku onsewo ankapita ku positi ofesi m'mawa uliwonse osauza munthu. Ataona kuti apongozi ake ali pabwalo anatsikira patali, kuseri kwa nkhokwe, n'kuitana chapansipansi.

"Mayi a Ivy! Tabwerani."

Dyna anapita, ife tonse m'mbuyo. Greyson anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa envulopu yokulungidwa m'pepala la shuga kuti isanyowe ndi thukuta. Anaipereka ndi manja awiri.

"Ndi yanu. Sindinatsegule."

Munthu amene kale ankatsegula ngakhale makalata a mkazi wake a ku mpingo! Wapalasa mtunda wonsewo kalata ikumuwotcha pachifuwa, osaisuzumira. Dyna anaitembenuza, anaona kuti ndi yomata ndithu, anamuyang'ana mwamuna wake, kenako anaing'amba m'mbali.

Anawerenga milomo ikugwedezeka popanda mawu. Anafika pansi, anabwereranso pamwamba.

"Tanena, iwe, tife ndi mtima?" ndinatero ine.

"Andipatsa," anatero. "Akuti Wayilesi ya Kumalire, mwini wake Mayi Dyna Mbewe. Akuti ikhale itayamba kumveka pasanathe miyezi khumi ndi iwiri, apo ayi alanda." Anakhala pansi padothi pomwepo, kalata ili pachifuwa. "Andipatsa, amayi!"

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ine ndinavina, sindibisa, ndinaponda ndi mtedza womwe. A Nangondo anasiya kuti phokoso lithe, kenako anandikodola. Analankhula ndi ine, koma mokweza kuti mawu akafike kuseri kwa nkhokwe.

"Ukawauze akamwiniwo kuti ndamva zimene anachita kukhoti. Ukawauze kuti mango aja ndi awo, azithyola osapempha. Ndipo ukawauzenso kuti piki ili m'khitchini. Maziko a mlongoti sadzikumba okha."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka manja akuwomba.

Ntchito inali ikadali yambiri, ndipo Dyna ankadziwa. Makina kunalibe, nyumba youlutsira mawu inali chipinda chakumbuyo kwa sitolo ya Asiatu chodzaza makatoni, ndipo a Kachigunda sanali munthu woiwala. Koma Loweruka m'mawa tinakwera kaphiri ndi makasu ndi zidebe, ndipo tinapeza Greyson ali kale m'dzenje lofika m'maondo, pamene panali chikhomo paja, malaya atapachika pamtengo.

Dyna anakwera pamwala wa pamwamba penipeni. Kuchokera pamenepo umaona denga la tchalitchi cha ku Ludzi, midzi ya ku Dambe, ndi mapiri a kumalire. Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anakunga chibakera n'kuchiika pakamwa ngati maikolofoni, nayamba kuyeserera motsitsa, mwamanyazi, akuganiza kuti sitikumva.

"Mwadzuka bwanji anthu a ku Mchinji. Kuno ndi ku Wayilesi ya Kumalire. Wolankhula ndine Dyna Mbewe."

Piki inasiya kulira. Greyson anawongoka m'dzenje muja, dothi lili m'tsitsi, n'kupukuta thukuta ndi mkono.

"Kwezani mawu, mayi a Ivy," anatero. "Anthu amve."